Anthu amaseka n'kuwomba m'manja, koma atsikana akukwatiwabe: zisudzo zathu zikulakwika pati?

Funso

Ndine mnyamata, mlembi wa gulu la zisudzo la achinyamata kufupi ndi Limbuli, m'boma la Mulanje. Takhala tikuzungulira m'midzi, m'sukulu ndi pamsika kuchita masewero odzudzula mchitidwe wokwatitsa ana aang'ono. Anthu amabwera ochuluka, amaseka mpaka kugwira nthiti, amawomba m'manja, ndipo mafumu amatithokoza. Koma sukulu zikatsegulidwa timamva kuti uje sanabwerere, uje ali pabanja, nthawi zina m'mudzi womwewo tinachitiramo sewero. Bungwe lomwe linkatipatsa ya thiransipoti linatseka pulojekiti yake, ndipo anzathu ena agwa ulesi. Kodi zisudzo zimasinthadi anthu, kapena tikungodzivuta?

Yankho

Achimwene, zisudzo zimatha kusintha zinthu pamudzi, koma sewero lofika ndi yankho lopsa kale silisintha kanthu. Gulu lanu sindinalionerepo, komabe ndikhoza kuganizira momwe sewero lanu limayendera, chifukwa magulu ambiri m'dziko muno amachita lomwelo. Pamakhala bambo chidakwa wovala jekete yong'ambika, mayi wokonda ndalama, ndi mkulu wa geni wa mimba ya pilo. Mtsikana amukakamiza banja, atenga pakati, avutika pochira, mwinanso amwalira. Kenako patulukira mphunzitsi kapena namwino n'kuloza chala kugulu: "Makolo, mwaona zotsatira zake?" Nyimbo, m'manja, amfumu athokoza, anthu abalalika.

Taganizirani za gogo amene wakhala pamkeka kutsogoloko, yemwe mdzukulu wake akulowa m'banja mwezi wamawa. Nayenso waseka, nayenso wawomba m'manja, ndipo sananamizire. Iye si chidakwa, sakonda ndalama, mdzukulu wakeyo amamukonda. Munthu amene mwamuonetsa pabwalopo ndi wina, woipa mtima komanso wopusa, wosafanana naye ngakhale pang'ono. Ndiye abwerera kwawo mtima uli m'malo n'kukapitiriza zokonzekera zija. Zoti kukwatitsa mwana n'koipa anazimva kale pawailesi, kutchalitchi, kusikelo ndi pamsonkhano wa amfumu. Chomwe sanachipezebe ndi njira yoti mwanayo adye, apeze sopo ndi makope akapanda kukwatiwa. Sewero lanu silinafike pamenepo.

Ochita zisudzo m'Malawi muno anakumana nalo kale vutoli. Gulu loyendayenda la ku Chancellor College ku Zomba linayamba ndi kupititsa kwa anthu masewero okonzeratu. Mu 1981 linakachita zisudzo zachitukuko ku Mbalachanda m'boma la Mzimba, ndipo chapakati pa zaka za m'ma 1980 linagwira ntchito ndi azaumoyo m'midzi yozungulira Liwonde pa nkhani za zitsime, zimbudzi ndi makomiti a zaumoyo. Aphunzitsi monga Chris Kamlongera ndi David Kerr pamodzi ndi ophunzira awo anaona kuti zinthu zimayenda ochita sewero akayamba acheza ndi eni mudzi n'kumvetsera, kenako posewera n'kumatembenukira kwa anthu kuwafunsa kuti, "Nanga pamenepa nditani?" Augusto Boal, katswiri wa zisudzo wa ku Brazil, anafika pa mfundo yofananayo. Iye ankasimba kuti ali ku Peru mu 1973, mayi wina woonerera anapsa mtima poona kuti osewera akulephera kuchita zomwe iye ankawalangiza, mpaka Boal anamuuza kuti akwere yekha adzaonetse. Mayiyo anakweradi n'kuchita mwaukali wake wonse zomwe ankatanthauza. Kuchokera pamenepo Boal anayamba kukonza masewero oti woonerera aziimitsa, kulowa m'malo mwa wovutikayo, n'kuyesa njira yake pamaso pa onse.

Choncho ntchito yanu iyambire kutali ndi bwalo. Lekani kuthamanga midzi makumi awiri. Sankhani iwiri kapena itatu ya gulupu mmodzi, yomwe ana ake amaphunzira pasukulu imodzi, ndipo muidziwe bwino. Pitani awiriawiri, osavala malaya a bungwe, opanda kope m'manja. Atsikana a gulu lanu akacheze pamjigo ndi kuchigayo, athandize kusenda chinangwa kapena kupuntha nandolo. Anyamata akakhale pasiteji ya kabaza ndi pabawo. Musafunse kuti, "N'chifukwa chiyani kuno mumakwatitsa ana?" Yankho la funso limenelo aliyense analiloweza kumisonkhano ya mabungwe: umphawi ndi chikhalidwe. Funsani kuti mtsikana akamasiya sukulu zimayamba bwanji, amayamba kudziwa ndani, amakhala chete ndani, kandalama koyamba kamachokera kwa yani.

Dera lanu lili ndi zake zomwe sewero lokopera kwina silingazidziwe. Anthu ndi ochuluka, malo olima ndi ochepa, gawo lalikulu ndi minda ya tiyi. Ntchito yothyola tiyi imachuluka nthawi ya mvula, ikatha nyengoyo aganyu ambiri amaimitsidwa, m'nyumba ndalama n'kuuma. Ukwati ndi wa chikamwini, bambo akanyamuka ana amatsala ndi mayi ndi gogo, ndipo pa za mwana wamkazi mawu olemera ndi a atsibweni, eni mbumba. Malire a Muloza ali pakhomo, anyamata a geni ndi a kabaza amagwira ndalama tsiku ndi tsiku pomwe ena akudikira malipiro. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anakokolola minda ndi nyumba m'bomali, ndipo banja lomwe lataya munda limaona mwana wamkazi wotha msinkhu mwa mtundu wina. Mudzamvanso zomwe simunaziyembekezere. Nthawi zambiri palibe amene wakakamiza: mtsikana wabwereza Sitandade 6 kawiri, ndi wamkulu m'kalasi monse, anzake amamuseka, ndiye wasankha yekha. Penanso imayamba ndi mimba, ukwati n'kukhala njira ya abale yoti mnyamata asathawe udindo. Ngati m'mudzimo zimayenda choncho, sewero lodzudzula ukwati lafika mochedwa ndi miyezi ingapo.

Pa zomwe mwamvazo mangani sewero lalifupi, mphindi 20 zakwana, lopanda munthu woipa kotheratu. Mwachitsanzo, mtsikana wa Sitandade 7 akukhala ndi agogo ake. Amayi ake kontirakiti ya kuesiteti yatha. M'mawa akuchapa yunifolomu ndi madzi okha. Pali mnyamata wa kabaza, waulemu, wosamwa mowa, amene amamunyamula ulere mvula ikamagwa. Tsiku lina amugulira sopo ndi mafuta odzola, tsiku lina asiya paketi ya shuga kwa agogo. Agogo alandira ndi manja awiri, ayang'ana kumbali. Aliyense pabwalopo akudziwa tanthauzo la kuyang'ana kumbaliko, ndipo mudzamva kuseka kwina, kwapansipansi, kosiyana ndi kuja amasekera chidakwa. Kenako madzulo ena atsibweni afika, apatsidwa mpando, n'kunena kuti kwawo kwa mnyamata kwachokera mawu. Afunsa kuti, "Amayi, inu mukuti bwanji?" Agogo atsegula pakamwa.

Pomwepo imitsani sewero.

Apa ndiye pamafunika munthu waluso kuposa onse m'gulu lanu, wotsogolera zokambirana, ndipo asakhale mlaliki. Funso lake loyamba likhale lakuti, "Zimenezi zimachitika kuno, kapena tanama?" Akavomera, afunse kuti, "Agogowa ayankhe chiyani?" Wina adzafuula kuti akane. Wotsogolera amuitane: "Bwerani mayi, nawu mpango wa agogo, dzakaneni inuyo." Mayiyo akamanga mpango n'kukana, amene akusewera atsibweni asagonje. Ayankhe monga angayankhire atsibweni enieni: "Chabwino amayi, takana. Shuga munalandira uja tibweza ndi chiyani? Mawa mwanayu akabwera ndi mimba, mnyamata atadumphira ku Mozambique, alera ndani?" Mayi uja akasowa chonena, muthokozeni, awomberedwe m'manja, abwere wina. Bambo wina adzalowa ndi ukali kuti akanena kupolisi. Atsibweni amufunse kuti, "Akamangidwa mnyamatayo, sopo azigula ndinu?" Wachitatu adzatchula amayi a mother group, omwe amathandiza atsikana kuti asasiye sukulu, wina adzati akaonane ndi ahedi, wina adzakumbutsa za banki m'khonde, wina adzafunsa kuti bambo ake a mwanayu ali kuti ndipo ankhoswe awo akutani. Njira iliyonse iyesedwe pabwalopo, ioneke pomwe ikugwira ndi pomwe ikuterereka. Mukafika pamenepo, mudzi ukukambirana nkhani yake ndi pakamwa pake, ndipo paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Magulu ambiri amagwa pa atsibweni amenewa. Wosewerayo amafuna anthu akondwe, ndiye mayi woyamba akangoti "Ayi!" iye agwetsa nkhope n'kupepesa, gulu liwomba m'manja. Limenelo ndi bodza, ndipo gogo uja akudziwa kuti ndi bodza, chifukwa mwana wake wamwamuna sagonja choncho. Pokonzekera, thani nthawi yambiri pa gawo limeneli kuposa pa sewero lenilenilo. Anzanu azibwera ndi njira zosiyanasiyana, iye aziphunzira kukana mwanzeru, komanso kuzindikira pomwe njira ina yafikadi pomugwedeza kuti abwerere m'mbuyo pang'ono.

Nthabwala musazichotse. Izeki ndi Jakobo anaseketsa dziko lonse uku akunena zinthu zobaya. Koma onetsetsani kuti anthu akuseka chiyani. Akamaseka chibwibwi, chilema, zigamba za mmphawi kapena kayankhulidwe ka munthu wa kutsidya kwa malire, ndiye kuti mwawasonkhanitsa kudzanyoza omwe mumati mukuwathandiza.

Za pamsika, ine sindikuonapo phindu pa nkhani ngati iyi. Pa Limbuli tsiku la msika mudzapeza chinamtindi cha anthu, koma ndi odutsa, ena a kwa Njema, ena a kutsidya, ena ongodikira minibasi. Palibe amene angalonjeze kanthu pamaso pa mnzake amene adzamufunse mawa. Msika ndi wabwino polengeza tsiku la katemera, osati pomanga mfundo. Bwalo la amfumu kapena la pasukulu ndiye malo ake. Nthawinso muiganizire. Kuyambira Disembala mpaka Epulo anthu ali kumunda ndi kutiyi, mudzasewerera ana ndi nkhalamba zokha. Miyezi yabwino ndi Juni ndi Julaye, anthu atakolola, holide yaikulu isanayambe, chifukwa ndi pa holide imeneyo pomwe zinamwali zimachitika ndiponso atsikana ambiri amasowa osabwereranso sukulu ikamatsegulidwa mu Seputembala. Poitana anthu simukusowa chinkuzamawu. Ng'oma za tchopa zikalira anthu amabwera okha, ndipo akuluakulu amamasuka mukawalola kuyankhapo m'Chilomwe pomwe akufuna. Koma zachinsinsi za kusimba kapena za kudambwe musazitulutse pabwalo kuti museketse anthu. Mukatero mwatseka khomo la anamkungwi, omwe mukuwafuna kwambiri.

Ndikunena za anamkungwi chifukwa sewero limodzi lomweli liyenera kuonetsedwa kangapo kwa anthu osiyana. Mtsikana wa zaka 14 sangadzuke pamaso pa amfumu ndi atsibweni ake kudzaonetsa momwe angakanire. Yambani ndi atsikana paokha kusukulu, pali aphunzitsi aakazi ndi a mother group. Kenako amayi ndi anamkungwi paokha. Anyamata a kabaza nawonso paokha, ndipo mudzadabwa kumva mbali yawo, kuti ena amaona ngati akuthandiza, ena amakankhidwa ndi makolo a mtsikana omwe. Zomwe zatuluka m'magulu amenewa ndizo mubweretse pabwalo la onse, osatchula kuti ananena ndani.

Tsiku la bwalo lalikululo, oyenera kuyankha akhalepo: agulupu ndi nyakwawa zawo, ahedi, a komiti ya sukulu, a komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC), mlangizi wa zaumoyo, woona za chitetezo cha ana wa m'deralo, azibusa ndi mashehe. Muwapemphe pasadakhale kuti asayankhule koyambirira. Mkulu akatsegula msonkhano ndi mawu akuti "m'mudzi mwanga muno zimenezi ndinathetsa," zokambirana zafera pomwepo. Iwo ayankhule kumapeto, poyankha zomwe anthu atulutsa. Wotsogolera wanu akhale ndi mfundo zoona m'mutu kuti azipereke zikafunika, mwachidule. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo oyendetsera dziko n'kutseka mpata womwe unkalola mwana wa zaka 15 kulowa m'banja makolo akavomereza. Kuyambira 1993 ndondomeko ya zamaphunziro imalola mtsikana amene wabereka kubwerera kusukulu, ngakhale makolo ambiri sadziwa kuti ayambire pati. Nambala ya 116 ndi yaulere ponena za nkhanza kwa ana.

Anthu asabalalike musanamange zinthu ziwiri kapena zitatu zotheka, chilichonse chili ndi mwini wake ndi tsiku lake. "Tonse tigwirane manja" si mfundo. Mfundo ndi yakuti ahedi azipereka kwa a mother group maina a atsikana omwe ajomba sabata yathunthu, amayiwo n'kukawayendera sabata yomweyo. Kapena kuti gulu la banki m'khonde lipatule kangachepe kogulira sopo ndi nsalu zosokera zovala za kumwezi. Kapena kuti amfumu sadzalandira mkamwini m'mudzi asanaone umboni wa zaka za mkazi. Mudzaona kuti anthu amathamangira chindapusa, kuti wokwatitsa mwana alipire mbuzi. Ine ndimachita nazo mantha zimenezi zikakhala zokhazo. Gogo wosowa sopo mbuzi aitenga kuti? Chomwe chimachitika n'chakuti ukwati umabisika, ana amangolowana, kapena amawolokera kutsidya komwe amfumu anu alibe mawu. Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza inatchuka pothetsa maukwati a ana ambirimbiri, koma sinkangothetsa n'kusiya pomwepo, inkayesetsanso kuti anawo apeze zowabwezera kusukulu. Mbali yachiwiriyi ndi imene midzi yambiri imaiwala.

Pakatha mwezi bwererani m'mudzi womwewo ndi sewero lachiwiri, lonena za zomwe zachitika ndi malonjezo aja. Ngati komiti sinakumane, onetsani komiti yomwe ikulephera kukumana chifukwa wapampando akudikira alawansi, muimitse, mufunse. Ndipo kuti mudziwe ngati mukuphula kanthu, musawerenge anthu obwera kudzaonera. Pemphani ahedi akuonetseni kaundula: atsikana a Sitandade 5 mpaka 8 analipo angati teremu ikuyamba, atsala angati ikutha, abwerera angati mwa omwe anasiya. Lembani teremu iliyonse. Manambalawo akhoza kukukhumudwitsani chaka choyamba, koma ndi okhawo angakuuzeni zoona, ndipo bungwe lililonse lanzeru lidzawalemekeza kuposa zithunzi za khamu la anthu.

Pali ngozi ziwiri zomwe muyenera kuzidziwa. Yoyamba ndi kuyalutsa munthu. Mudzi ndi waung'ono, nkhani ya banja limodzi mukaiika pabwalo momwe ilili aliyense atembenukira kwa eni ake, ndipo amene akalangidwe usiku umenewo ndi mtsikana amene anakuuzani. Sakanizani nkhani za anthu angapo, sinthani ntchito, msinkhu ndi chiwerengero cha ana, mpaka pasapezeke woloza. Komanso sewero likagwira mtima, pamatha kubwera mwana pambali n'kuulula kuti zimenezi zikumuchitikira, mwina wochita ndi wachibale kapena mphunzitsi. Gwirizanani pasadakhale kuti woyankhula naye ndi ndani, makamaka wamkazi wokhwima maganizo, ndipo nkhaniyo ipite kwa woona za chitetezo cha ana, ku ofesi ya chisamaliro cha anthu kapena ku Victim Support Unit ya polisi. Inu si bwalo la milandu, musayese kuweruza nokha.

Yachiwiri ndi ya amphamvu. Mukafukula bwino nkhani ya atsikana mudzagunda nkhani ya malo, ya malipiro ndi ya akapitawo, chifukwa ku Mulanje ndi ku Thyolo zimenezi n'zolukanalukana. Zisudzo zikafika pamenepo zimaopsa ena. Ku Kamiriithu, pafupi ndi Limuru m'dziko la Kenya, komwenso ndi dera la tiyi, alimi ndi antchito anapanga sewero la m'chiyankhulo chawo mu 1977 lonena za malo ndi kudyeredwa masuku pamutu. Boma linaliletsa, mmodzi mwa olemba anatsekeredwa pafupifupi chaka osazengedwa mlandu, ndipo mu 1982 bwalo lomwe anthuwo anamanga ndi manja awo linagwetsedwa. Kwathu kuno nthawi ya chipani chimodzi masewero ankayamba adutsa ku Censorship Board. Lero kuli ufulu, koma mayi wothyola tiyi amene wayankhula pabwalo akhoza osaitanidwanso nyengo yotsatira. Musatchule dzina la kampani kapena la munthu, musakankhire wina kunena poyera zomwe inu simudzalipira mtengo wake, ndipo chaka cha chisankho musalole wandale aliyense kukugulirani ng'oma.

Za ndalama ndiyankha mwachidule. Ntchito yomwe ndafotokozayi ndi ya midzi yoyenda pansi, yosafuna thiransipoti, zovala zapadera kapena jenereta. Mpango, chipewa, mpando ndi paketi yopanda kanthu ya shuga zakwana. Kuchoka kwa bungwe kwakupatsaninso ufulu wina, chifukwa mabungwe ambiri amabwera ndi uthenga wolembedwa kale ku ofesi n'kukupemphani kuti mungouveka nthabwala. Anzanu amene ankabwerera alawansi asiyeni apite mwamtendere. Anthu asanu ndi mmodzi odzipereka akhoza kuchita sewero la agogo lija, bola pakhale atsikana osachepera awiri ndi munthu mmodzi wachikulire amene amayi a m'mudzi angamukhulupirire. Lembetsani gulu lanu ku ofesi ya achinyamata paboma kuti muzidziwika, ndipo kathumba ka gulu mukhoza kukadzaza pochita zisudzo zongosangalatsa pamaukwati ndi pa zochitika za kusukulu. Mukakhala ndi manambala a materemu awiri kapena atatu, kawaonetseni ku komiti ya chitukuko cha dera (ADC) ndi kuwailesi ya m'dera lanu. Koma choyamba kaonaneni ndi agulupu ndi ahedi a sukulu yomwe mwasankha, muwauze kuti ulendo uno mukufuna kuyamba mwacheza ndi anthu kwa milungu ingapo musanaimbe ng'oma.